Maginito Ogona Sabala Magetsi

Nkhani ya sabata ino ndaitola m'chapa, ndipo ndikhulupirira kuti ikhudza aliyense amene adayamba wadzifunsapo za kumene magetsi amachokera.

Masiku apitawa ndimachokera ku Tete kubwerera kumudzi. Tili pakati pa mlatho, bambo wina wachikulire amene adakhala cha kuzenera adaloza madzi a Zambezi nati: "Mukuwaona madziwa? Ndi makoko okhaokha. Adawafinya kale ku Songo, magetsi onse adachotsamo. N'chifukwa chake madimba a kunsi kuno sabalanso monga kale." Anyamata awiri a sukulu amene adali kumbuyo adafa nalo phwete. Mmodzi adati: "Agogo, madzi ndi nzimbe kodi, kuti munthu atafune n'kulavula makoko?" Mkuluyo sadakwiye. Adangotembenuka nati: "Chabwino adzukulu anga, inu ndinu ophunzira. Ngati magetsi sachokera m'madzi, tandiuzani kumene amachokera." Pamenepo galimoto yonse idangoti zii. Patapita kanthawi wina adati amachokera m'makina, koma atafunsidwa kuti makinawo amawatenga kuti, adasowa chonena. Wina adati ali m'maginito. Mayi wina wobereka mwana adati iye adamva kuti amatchera mphenzi nthawi ya dzinja n'kuzisunga. Tidafika pa Moatize tisadamvane.

Paja akale adati safunsa adadya phula. Funso la agogo aja ndi lanzeru, ndipo kuseka wofunsa pamene iwe yankho ulibe si ulemu. Ana a sukulu nkhaniyi amakumana nayo m'phunziro la Física, kumene amaitcha indução electromagnética, ndipo ambiri amangoloweza mawuwo kuti akhoze mayeso. Koma mfundo yake ndi yaifupi. Maginito ongokhala sabala magetsi. Mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya, pamenepo ndiye magetsi amayenda m'wayamo, ndipo pamafunika wina woti akhetse thukuta kuti kusinthako kuchitike. Tiyeni tiione pang'onopang'ono.

Tiyambire pa chinthu chimene ambirife timachidziwa, dainamo ya njinga. Masiku ano matochi otchaja ndi nyale za sola zachuluka, koma amene tidakula kale tikukakumbukira kabotolo kachitsulo kaja kamene kamatsamira pa tayala. Mukakatsegula simupezamo batire, mafuta kapena madzi. Muli zinthu ziwiri basi. Choyamba ndi maginito olumikizidwa ku kamutu kamene kamakhudza tayala, kotero kuti tayala likamayenda maginitowo amazungulira. Chachiwiri ndi waya wa kopa wopyapyala, wokulungidwa kambirimbiri ngati nkhata pa kachitsulo. Maginito ndi wayayo sizikhudzana n'komwe, pakati pake pali mpata.

Aliyense amene adapalasapo njinga usiku amadziwa zinthu zitatu. Ukaima, nyale imazima nthawi yomweyo, chonsecho maginito ali momwemo, waya ali momwemo, palibe chachoka. Ukathamanga, monga potsika mtunda, nyale imawala kwambiri, nthawi zina babu mpaka kupsa. Chachitatu, dainamo ikatsamira pa tayala njinga imalemera, miyendo imamva. Amene wamvetsa zitatuzi wamvetsa damu lonse la Cahora Bassa, pakuti kusiyana kwake kwakukulu ndi kukula.

MWANA WA WOSULA ZITSULO

Munthu amene adatulukira chinsinsi chimenechi adali Michael Faraday wa ku England, amene adabadwa mu 1791. Bambo ake adali wosula zitsulo, banja losauka, ndipo iye sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku ku London, ndipo mabuku obwera kudzasokedwa iye ankayamba wawawerenga. Mu 1813 adalembedwa ntchito yothandizira katswiri wina dzina lake Humphry Davy pa Royal Institution, nyumba yofufuzira za sayansi mumzindawo. Poyamba ntchito yake idali yotsuka zipangizo ndi kukonzera abwana ake zogwiritsa ntchito pophunzitsa.

Mu 1820, ku Copenhagen m'dziko la Denmark, mphunzitsi wina dzina lake Hans Christian Oersted adaona kuti akaika kampasi pafupi ndi waya amene mukuyenda magetsi a batire, singano ya kampasiyo imapotoka. Singano ya kampasi ndi kamaginito, ndipo imasunthidwa ndi maginito anzake. Izi zidasonyeza kuti magetsi akamayenda m'waya amabala mphamvu ya maginito. Tsono akatswiri adayamba kufunsana: ngati magetsi abala maginito, maginito angalephere bwanji kubala magetsi? Faraday adayesa kangapo m'zaka zotsatira. Ankaika maginito m'kati mwa waya wokulunga n'kuyang'ana singano yoyezera, koma sinkasuntha. Anzake m'maiko ena adayesa, nawonso adalephera. Onse ankalakwitsa pamodzimodzi. Ankakonza zipangizo, n'kuzisiya zitakhazikika, kenaka n'kumadikira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 29 Ogasiti 1831 Faraday adatenga mkombero wachitsulo, m'mimba mwake pafupifupi masentimita 15. Adakulunga waya mbali imodzi ya mkomberowo, ndi waya wina mbali inayo, awiriwo osakhudzana. Waya wachiwiri adamudutsitsa pamwamba pa singano ya kampasi. Woyamba adamugunditsa ku batire. Nthawi yomweyo singano idagwedezeka, kenaka n'kubwerera pamalo pake, chonsecho batire idali ikugwirabe ntchito. Pochotsa batire, singano idagwedezekanso. Koma pakati pa kulumikiza ndi kuchotsa sipadaoneke kanthu.

Pa 17 Okutobala chaka chomwecho adayesa popanda batire. Adakulunga waya pa kapaipi ka pepala, n'kutenga maginito aatali ngati kandodo. Powalowetsa msanga m'kapaipimo, singano idapita uku. Maginito atakhala chete m'katimo, singano idabwerera pakati. Powatulutsa, idapita uko. Apa ndipo zidaoneka poyera kuti zaka zonse zija anthu ankafuna magetsi pa maginito ogona, pomwe magetsi amabadwa pa kusintha. Ku America, Joseph Henry adaona zofananazo payekha cha nthawi yomweyo, koma adachedwa kuzilemba, motero ulemu udapita kwa Faraday. Mu 1832, Hippolyte Pixii wa ku Paris adapanga makina opukusa ndi dzanja, ozunguza maginito pafupi ndi nkhata za waya. Amenewo ndiwo kholo la dainamo ya pa njinga yanu.

CHIMACHITIKA N'CHIYANI M'WAYA?

Maginito ali ndi mphamvu yosaoneka imene imawazungulira. Mutha kuiona motere: tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, ikani pepala pamwamba pake, n'kuwazapo tizitsulo timene timagwa ponola khasu ndi tupa. Tizitsulo timeneti tindanda m'mizere. Faraday ankaiganizira mphamvuyi ngati mizere yotero, yotuluka mbali ina ya maginito n'kukalowa mbali inayo. Nkhata ya waya ikakhala pafupi, ina mwa mizereyo imadutsa pakati pa nkhatayo. Kaya mizere yodutsayo ndi yambiri, kaya ndi yochepa, ngati chiwerengero chake sichikusintha, waya sachita kanthu. Koma ikangoyamba kuchuluka kapena kuchepa, m'waya mumabadwa mphamvu yokankha, imene timaiyeza m'mavolti.

Nanga chokankhidwacho n'chiyani? M'kati mwa kopa muli kale tinthu ting'onoting'ono zedi totchedwa maelekitironi, ndipo tina mwa ito timatha kuyenda momasuka. Tikayamba kuyendera mbali imodzi pamodzi, ndiwo magetsi amene amayatsa babu. Choncho dainamo sitapa kanthu m'maginito, ndipo maginito saperepeseka ngati sopo. Ganizani za mjigo. Mjigo sulenga madzi, madzi ali kale pansi. Koma chogwirira chikakhala chete, ngakhale mutachitsamira tsiku lonse, ndowa sidzadza. Pafunika kukweza ndi kutsitsa.

Kukankha kumeneku kumakula pa zinthu zitatu: maginito akhale amphamvu, waya azungulire nkhata kambiri, ndiponso kusinthako kukhale kofulumira. N'chifukwa chake nyale imawala kwambiri potsika mtunda. Kumbukiraninso kuti singano ya Faraday inkapita uku polowetsa, uko potulutsa. Maginito akamazungulira, mbali zake ziwiri zimadutsa pa nkhata mosinthana, ndiye magetsi nawonso amapita n'kubwerera. Magetsi a m'nyumba m'dziko muno amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, pa mavolti 220. Maso athu saona zimenezi chifukwa n'zofulumira kwambiri.

ZAULERE KULIBE

Tsopano tibwere pa kulemera kwa njinga kuja. Kulemera kwina kumachokera pa kukhuzana kwa kamutu ndi tayala, koma kwina kuli ndi chifukwa chozama. Mu 1834, Emil Lenz wa ku St Petersburg adafotokoza kuti magetsi obadwa mwa njira imeneyi nthawi zonse amalimbana ndi kusintha kumene kwawabala. Paja Oersted adaona kuti waya woyenda magetsi amasanduka maginito. Tsono nkhata ija ikangoyamba kuyenda magetsi, nayonso yasanduka maginito, ndipo imakana. Ukamabweretsa maginito pafupi, imawakankha. Ukamawachotsa, imawakoka. Kuti upitirize, uyenera kugwiritsa ntchito mphamvu zako, ndipo mphamvu zimenezo ndizo zimasanduka kuwala m'babu.

Amene mudaimapo pa malo owotcherera zitsulo mudamva ndi makutu anu. Jenereta imalira bwinobwino, koma wowotcherera akangogunditsa kandodo pa chitsulo, imabuula ndi kufuka utsi. Magetsi otuluka achuluka, kukana kwachuluka, injini yayamba kumwa mafuta ambiri. Palibe jenereta imene imathawa lamulo limeneli.

Ndanena zimenezi chifukwa masiku ano m'mafoni mumayenda timakanema toonetsa gudumu lomatidwa maginito, lozungulira lokha ndi kuyatsa mababu popanda mafuta, madzi, mphepo kapena dzuwa. Achinyamata ena amataya nthawi kuyesa kupanga, ena mpaka kufuna kutumiza ndalama kuti agule. Abale anga, limenelo ndi bodza. Penapake pabisika batire kapena waya. Maginito amatha kukoka ndi kukankha, koma pa ulendo wonse wozungulira, chimene akupatsa poyandikira amakulanda pochoka. Ndalama zanu za mbatata ya kachewere musatayire pamenepo.

TSOPANO TIPITE KU SONGO

Ntchito yomanga damu la Cahora Bassa idayamba mu 1969, ndipo madzi adayamba kudzaza kumbuyo kwa khoma mu Disembala 1974. Khomalo n'lotalika mamita 171 kuchokera pa maziko. Makina opangira magetsi ali m'phanga lalikulu lokumbidwa m'thanthwe, tsidya la kum'mwera kwa mtsinje. Muli majenereta asanu, iliyonse yotha kupereka mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Madzi amatsika m'mipaipi ikuluikulu kuchokera pamwamba, mtunda wa pafupifupi mamita 100, n'kukakankha gudumu lamapiko. Gudumulo lili pa mtengo wachitsulo umodzi ndi maginito aakulu a jenereta, ndipo kuzungulira maginitowo kuli nkhata za kopa zosasuntha. Maginito ake si a mtundu wa m'sipika ayi, ndi zitsulo zokulungidwa waya zimene amazipatsa magetsi pang'ono kuti zikhale maginito amphamvu, monga mwa zimene Oersted adaona. Koma kagwiridwe kake ndi ka dainamo komweko. Madzi ndiwo mwendo wopalasa.

Yankho kwa agogo aja ndi limeneli. Madzi sakhudza waya, ndipo mulibe magetsi amene amafinyidwamo. Amalowa ali madzi, amatuluka ali madzi omwewo, oti n'kumwetsa ng'ombe ndi kuthirira mbewu. Chimene ataya ndi kutalika kumene adali. Adali pamwamba, tsopano ali pansi, ndipo mphamvu imene akadagwa nayo pa miyala yapita kukazunguza gudumu. Madzi omwewo adayamba azunguza magudumu ena ku Kariba, damu limene lidatha kumangidwa mu 1959, ndipo sadaperewere kanthu pofika kwathu kuno.

Koma anyamata oseka aja amve bwino apa. Agogo adaphonya chifukwa chake, koma maso awo sadaname. Kale Zambezi inkasefukira chaka ndi chaka nthawi ya dzinja, n'kusiya matope achonde m'madimba a m'mbali mwake kuyambira ku Tete, kudutsa ku Mutarara mpaka kumathiriro. Madzi akaima m'nyanja kumbuyo kwa khoma, matope ambiri amadikha pansi, ndipo madzi otuluka amakhala oyera. Kusefukira kwa chaka ndi chaka kudachepa, popeza madzi amatsegulidwa potsata kufunika kwa magetsi ndi chitetezo cha khoma. Alimi a kunsi adaona madimba awo akusintha, ndipo asodzi adaona nsomba zikusintha. Choncho chidatsala kumtunda chilipo ndithu, koma ndi chonde, osati magetsi. Nawonso ndi mtengo umene ena adalipira kuti mababu ayake.

Ndipo popeza madzi ndiwo mwendo, mvula ikavuta mwendo umafooka. Chilala cha mu 2024 chidaphwetsa nyanja ya Kariba kotero kuti anzathu a ku Zambia ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, ndipo madzi a m'nyanja ya Cahora Bassa nawonso adatsika kwambiri. Maginito adalipo, kopa adalipo, koma chozunguza chidachepa.

MKOMBERO WA FARADAY PA MAPOLO

Mkombero wachitsulo uja sudafe. Chibokosi chimene mumachiona pa mapolo a magetsi m'tauni, thiransifoma, ndi mkombero womwewo. M'kati muli chitsulo ndi nkhata ziwiri zosakhudzana, ndipo mulibe chozungulira. Popeza magetsi olowa amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, mphamvu ya maginito m'chitsulomo imasintha kosalekeza, motero nkhata yachiwiri imabala magetsi kosalekeza. Ngati nkhata yachiwiri yazungulira kakhumi kuposa yoyamba, mavolti amakwera kakhumi. Ngati yazungulira mochepa, amatsika. Koma zaulere kulibe: mavolti akakwera kakhumi, kuchuluka kwa magetsi oyenda kumatsika kakhumi. Kumeneko ndiko kumafunidwa pa ulendo wautali, chifukwa magetsi oyenda akachepa kakhumi, mphamvu yotayika potenthetsa waya imachepa ka 100. N'chifukwa chake amakweza mavolti pochoka ku damu, n'kumawatsitsa pang'onopang'ono mpaka afike pa 220 pakhomo panu.

Phunziro limeneli ine ndidaliphunzira ndi misozi. Ndili mnyamata ndidachotsa kathiransifoma m'wailesi yakufa, n'kuganiza kuti ndikakalumikiza motembenuza ku batire ya galimoto imene amalume ankamvera wailesi, ndipeza mavolti 220 oyatsira babu. Pogunditsa padathetheka kamoto, babu osayaka. Posakhalitsa kadatentha n'kuyamba kununkha ndi kufuka. Pozula waya ndidamva nyesi mpaka m'chigongono. Amalume adangoti: "Iwe mwana, ufuna kutiwotchera nyumba?" Ndidazindikira patapita zaka kuti ndidabwereza zimene Faraday adaona. Magetsi a batire amayendera mbali imodzi osasintha, choncho nkhata yachiwiri imadzuka polumikiza ndi pochotsa pokha. Nyesi imene idandigwira ija ndi imene amakaniko amaigwiritsa ntchito: koyilo ya galimoto ya petulo imadula magetsi a batire mwadzidzidzi, n'kubala mavolti oposa 10,000 othethetsa moto pa pulagi. Invetala ya sola nayonso imayamba yaduladula magetsi a batire kuti akhale osinthasintha, ndipo pokhapo amatheka kukwezedwa. Mbale ya sola yeniyeniyo ilibe maginito, imapanga magetsi kuchokera ku kuwala mwa njira ina, imene tidzaione tsiku lina.

Zimenezi zikutithandiza kumvetsa funso lina limene limawawa anthu. Magetsi ambiri a Cahora Bassa amapita ku South Africa pa mawaya otalika makilomita pafupifupi 1,400, kuchokera ku Songo kukafika pa siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Nsanja zake zambiri zidagwetsedwa pa nthawi ya nkhondo, ndipo zidakonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mawayawa amadutsa pamwamba pa midzi ina yamdima, ndipo anthu amafunsa kuti bwanji osangopachika thiransifoma pa nsanja imodzi n'kutsitsira mudzi. Vuto lake n'lakuti pa mawaya amenewa magetsi amayendera mbali imodzi ngati a batire, pa mavolti ofika 533,000, chifukwa pa mtunda wautali chotero njira imeneyi ndiyo itaya mphamvu zochepa. Ku Songo amawasandutsa otero, ku Apollo amawabwezanso kukhala osinthasintha, ndipo masiteshoni ochita zimenezi ndi aakulu ndi odula. Thiransifoma siingagwire ntchito pa waya wotero. Mudzi uyenera kulandira magetsi kuchokera pa mawaya ena. Sayansi ikulekezera pamenepo. Zoti mawaya enawo afika liti pamudzi wakutiwakuti ndi nkhani ya ndalama ndi ya atsogoleri, ndipo anthu ali ndi ufulu wofunsa, makamaka popeza kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la kampani yoyendetsa damuli lili m'manja mwa Moçambique.

WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

Machenjezo awiri. Loyamba likupita kwa amene muli ndi majenereta m'magolosale ndi m'nyumba. Thiransifoma siidziwa kutsogolo ndi kumbuyo. Magetsi akazima, inu n'kulumikiza jenereta ku mawaya a m'nyumba osadula kaye switchi yaikulu yochokera kunja, mavolti 220 anuwo amabwerera ku polo, thiransifoma n'kuwakweza kufika masauzande ambiri pa waya amene aliyense akuganiza kuti ndi wakufa. Wogwira ntchito amene wakwera polo kukakonza angathe kufera pomwepo, ndipo angakhale mwana wa mnansi wanu. Itanani wodziwa ntchito akuikireni switchi yosinthira, yoti nyumba izilandira mbali imodzi yokha pa nthawi.

Lachiwiri: musamange mpanda wautali wa waya, kapena kukoka chingwe chachitsulo choyanikira, motsatana ndi mawaya aakulu a magetsi. Ngakhale osakhudzana, mphamvu yosinthasintha ya m'mawaya aakuluwo imatha kubala magetsi m'waya wanuyo, monga zidachitikira pa mkombero wa Faraday. Za kumanga nyumba kunsi kwake kapena kulola ana kukwera nsanja, sindichitanso kunena.

Kwa ana a sukulu, nayi ntchito ya Loweruka. Pezani kamota ka m'wailesi ya makaseti kapena ka m'kagalimoto koseweretsa, lumikizani miyendo iwiri ya kababu kofiira ka LED ku mawaya ake, kulungani ulusi pa kamtengo kake n'kukoka msanga. Kababu kaphethira. Kakapanda kuyaka, zunguzani chobwerera, chifukwa kababu kotere kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Kenaka gwirizanitsani mawaya awiri a kamotako okhaokha n'kukokanso ulusi, mumva kuti kalimba. Pamenepo mwagwira lamulo la Lenz ndi zala zanu. Musayese chilichonse pa magetsi a pakhoma. Musaderere zinthu zazing'onozi. Tsidya la malire, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba ali ndi zaka 14 adamanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale, ndipo mtima wa makinawo udali dainamo ya njinga. M'malo mwa mwendo adaikapo mphepo, nyumba ya makolo ake n'kuwala.

Agogo a m'chapa aja adatsikira panjira, ndipo sindidafunse mudzi wawo. Ngati alipo wowadziwa amene wawerenga nkhaniyi, akawauze kuti madzi a Zambezi sadafinyidwe, koma za madimba adanena zoona. Anyamata awiri aja akawerengenso, kuti tsiku lina munthu wamkulu akadzawafunsa adzakhale ndi choyankha.

Sabata yamawa tidzaona chifukwa chake mbalame zimatera pa waya wa magetsi osafa. Amene muli ndi mafunso pitirizani kulemba. Tsalani bwino.